Duwa la Baptisia musalisamutse

Achemwali, duwa lanu la Baptisia australis musalizule kuti mukaliwoke pena, lisiyeni pomwe lilipo. Kwawo ndi ku North America, ndi la m'gulu la nyemba, ndipo muzu wake umazama kwambiri. Ine ndinayesapo kusamutsa langa litakula kale. Khasu linadula muzu, masamba n'kufota, chaka chotsatira osaphuka duwa ndi limodzi lomwe. Zinandiwawa kwambiri.

Kuchedwa kwake kuphuka maluwa kusakudetseni nkhawa. Lodzala ndi njere limatenga zaka 2 kapena 3 lisanaonetse maluwa ake abuluu aja. Feteleza wambiri safunika, mizu yake imadzipezera yokha nayitirojeni, chakudya cha zomera chomwe chimapezekanso mu feteleza.

Koma chomerachi chili ndi poizoni. Mwana akatafuna makoko kapena njere zake, thamangirani naye kuchipatala. Chikakhala chiweto, itanani dokotala wa ziweto.