PhD ya sayansi ya masewera: ku America, ku UK kapena ku Joni kuno?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Blantyre amene anaphunzira physiotherapy, kenako n'kupanga masters. Funso lawo n'lakuti: "Ndikufuna PhD ya kinesiology. Ndilowere kuti pakati pa America, UK ndi South Africa?"

Zikomo achemwali. Poyamba, mayina asakuzunguzeni mutu. Ku America amati kinesiology, ku UK amati sport and exercise science, ku South Africa mumva human movement science kapena biokinetics. Nkhani yake ndi imodzimodzi: momwe thupi limayendera, ndiponso zomwe zimachitika mumtima, m'mapapo ndi m'minofu munthu akamathamanga kapena kunyamula zolemera.

Ku America, monga ku Penn State kapena ku University of Michigan, muziwerengera zaka 4 kapena 5. Zaka ziwiri zoyambirira mumakhala m'kalasi, kenako mayeso aakulu, ndiye muyambe kafukufuku wanu. Ubwino wake, ophunzira ambiri salipira fizi, amapatsidwa ntchito yothandiza kuphunzitsa kapena ya mu labu, n'kumalandira kandalama ka pamwezi. Mafomu ambiri amatseka cha m'Disembala. Koma malamulo a viza kwa ife Amalawi akhala akusinthasintha, choncho yambani mwafufuza zimenezo musanawononge ndalama pa mafomu.

Ku UK dzina lotchuka ndi Loughborough. Kumeneko ndi zaka 3 kapena 4, kafukufuku yekhayekha, ndipo fizi ya anthu akunja ndi yowawa. Pa thandizo la ndalama zolipirira maphunziro, musataye nthawi ndi Chevening, imeneyo ndi ya masters basi. Yang'anani Commonwealth Scholarship.

Ineyo ndikanakhala inu ndikanayamba kugogoda ku South Africa. University of Cape Town ili ndi labu zake ku Newlands, m'nyumba ya Sports Science Institute yomwe Pulofesa Tim Noakes anakhazikitsa limodzi ndi Morné du Plessis. Kulinso Stellenbosch, Pretoria, ndi North-West University ku Potchefstroom. Chifukwa cha mgwirizano wa zamaphunziro wa SADC wa 1997, ife timalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kungowonjezerapo kandalama kena. Komanso, tisanamizane, kukagwa maliro kumudzi mukwera basi kudzera ku Tete n'kufika. Zimenezo simungachite muli ku Michigan.

Koma achemwali, mwandifunsa za mayiko pomwe chachikulu simunachitchule: mukufuna kufufuza chiyani, ndipo akuyang'anireni ndani? Pa PhD mumakhala m'manja mwa munthu mmodzi zaka zonsezo. Akakhala wosayankha maimelo, dzina la yunivesite silikupulumutsani. Werengani zomwe walemba zaka zitatu zapitazi, mulembereni kalata yaifupi yotchula pepala lake limodzi, ndipo mufunsenso ophunzira ake kuseri kuti amamaliza pa zaka zingati.

Funso la kafukufuku ndilo limasankha labu. Mukafuna kuyeza VO2 max, ndiko kuti mpweya wa okosijeni wochuluka kwambiri womwe thupi lingagwiritse ntchito, pamafunika makina: munthu amavala chigoba kumaso chokhala ndi paipi, n'kuthamanga pa treadmill (makina othamangirapo pamalo amodzi) liwiro likukwera pang'onopang'ono mpaka atakweza dzanja kuti zakwana, wina ali pambali kumubaya chala kuti ayeze lactate, chinthu chomwe chimachuluka m'magazi minofu ikamagwira ntchito mwamphamvu. Makina amenewo ndi odula, ndipo mukabwerera kumudzi mudzawasowa.

Pamene mafunso ena ali pakhomo pompano. A kabaza amapalasa tsiku lonse atanyamula munthu ndi thumba la chimanga, nanga mitima ndi misana yawo ili bwanji? Othamanga a Porters Race ku Mulanje mawondo awo amapirira bwanji kutsika phiri lija? Nanga odwala BP ndi shuga, kodi kuyenda mphindi 30 patsiku kungawathandize motani m'tauni momwe misewu yambiri ilibe poyenda apansi? Kafukufuku wotere amafuna sikelo, tepi, makina a BP ndi kachipangizo kovala m'chiuno kowerenga mayendedwe. Mutha kulembetsa ku Cape Town koma deta n'kumatolera ku Limbe, ntchito yanu ya kuchipatala osaitaya.

Mundilemberenso mutu wanu m'mizere itatu, tiwone amene angakuyang'anireni.