Mwini bwalo la dothi ku Paris ndani?

Owerenga wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti anatsutsana ndi anzake za amene watenga kambiri chikho cha French Open, mpikisano wa tenisi umene umachitikira pa bwalo la dothi ku Paris. Iye akuti ndi Novak Djokovic, poti ali ndi zikho 24 za Grand Slam, mipikisano inayi ikuluikulu ya tenisi.

Pepani achimwene, anzanuwo akulondola ngati anatchula Rafael Nadal wa ku Spain. Djokovic ku Paris wapambana katatu basi: 2016, 2021 ndi 2023. Nadal ananyamula chikhochi ka 14. Anayamba mu 2005 atangokwanitsa zaka 19, n'kudzamaliza mu 2022 ali ndi zaka 36, madokotala atamubaya jakisoni kuti phazi lake lamanzere lichite dzanzi asamve ululu. Akafika mu fainolo, chikho chinali chake ndithu, sanagonjepo ngakhale kamodzi.

Pa masewero 116 amene anasewera mu mpikisanowu, umene umatchedwanso Roland Garros, anagonja anayi okha. Robin Söderling wa ku Sweden anamugwetsa mu 2009, Djokovic kawiri, mu 2015 ndi 2021, kenako Alexander Zverev mu 2024, thupi litatopa kale.

Chinsinsi chili pa bwalolo. Pamwamba pake amawazapo fumbi la njerwa zopera, n'chifukwa chake masokosi a osewera amafiira. Mpira ukagwa pa fumbili umachepa liwiro koma umanjanja kwambiri. Nadal amamenya ndi dzanja lamanzere, ndipo amaupotokola mpira mwakuti ukanjanja umafika m'mapewa mwa mnzake, mbali imene ambiri alibe mphamvu. Roger Federer, katswiri weniweni, anavutika nazo zimenezi. Mu fainolo ya 2008 anathidzimulidwa 6-1, 6-3, 6-0. Pa dothi simupambana ndi nkhonya imodzi. Mumathamanga, kutsetsereka, kubweza mpira mobwerezabwereza mpaka wina miyendo ithe, ndipo pa kupirira kotereku Nadal analibe mnzake.

Ine ndimaona kuti pa mbiri zonse za tenisi, iyi ndiyo yovuta kuiphwanya. Djokovic ali ndi zikho 10 za Australian Open, Martina Navratilova 9 za Wimbledon, Björn Borg 6 za ku Paris komweko. Wina akakuuzani za Max Decugis amene anapambana ka 8, dziwani kuti zinali 1925 isanafike, pamene mpikisanowu unali wa mamembala a makalabu a ku France okha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pa mikangano yotereyi amayi amaiwalika. Chris Evert wa ku America anatenga chikhochi ka 7, kuyambira 1974 mpaka 1986, ndipo palibe mayi amene wamupeza. Steffi Graf wa ku Germany anatsala pang'ono, analekera pa 6. Mukakumananso ndi anzanuwo, muwafunse za Evert.