Malipiro anu nawonso amafuna inshuwalansi

Abale anga amene mwangofika kumene kuno kumaiko akunja, ndikudziwa kuti mutu wanu uli pa lendi, pa mapepala a visa ndi pa kangachepe koti mutumize kwa omwe mudawasiya. Za inshuwalansi simufuna n'kumva komwe. Inenso ndinali chimodzimodzi, mpaka chaka chomwe msana udandigoneka miyezi isanu. Kuchipatala adandisamalira bwino, sindingawanamizire. Koma dokotala salipira lendi, ndipo mwininyumba sadya chifundo.

Chimene ndidasowa nthawi imeneyo ndi inshuwalansi yomwe kuno amaitcha income protection. Mumasonkha kandalama mwezi ndi mwezi, ndipo matenda kapena ngozi zikakulepheretsani kugwira ntchito, kampani imakupatsani gawo la malipiro anu mwezi uliwonse. Kawirikawiri ndi pakati pa 50 ndi 70 peresenti. Sakupatsani onse, mwadala, kuti munthu akachira asakomedwe ndi pabedi.

Wina anena kuti abwana alipo, boma liliponso. Funsani bwino. Ku Britain, mwachitsanzo, ndalama yomwe lamulo limakakamiza abwana kupereka kwa wodwala inali £118.75 pa sabata mu 2025, ndipo imathera pa masabata 28. Ambiri obwera pa visa ya ntchito saloledwanso kulandira thandizo la boma monga Universal Credit. Mbadwa ili ndi pogwera, inu mulibe. Ndiye pali anthu angati kumbuyoku amene amadya chifukwa choti inu mwadzuka m'mawa?

Pogula, maso akhale pa nthawi yodikira. Ndalama siziyamba tsiku lomwe mwadwala. Mumasankha kudikira masabata 4, 13, 26 kapena 52, ndipo mukasankha nthawi yaitali, zosonkha zimatsika. Yang'anani kontrakiti yanu ya ntchito, muone kuti abwana adzakulipirani mpaka liti, muwerengenso zomwe mudasunga, kenako musankhe kuti inshuwalansi iyambire pomwe izozo zathera. Malo ena antchito amawagulira kale antchito awo, choncho funsani musanalipire kawiri.

Mawu ena ofunika ndi own occupation. Amatanthauza kuti adzakulipirani mukalephera ntchito yanu yeniyeniyo. Mitundu ina yotchipa ya inshuwalansiyi imalipira pokhapokha ngati simungathe ntchito ina iliyonse, moti wonyamula odwala amene wathyoka msana angauzidwe kuti akhoza kumayankha mafoni.

Musasokoneze income protection ndi inshuwalansi ina yotchedwa critical illness, yomwe imapereka ndalama kamodzi kokha pa matenda olembedwa pamndandanda, monga khansa kapena sitiroko. Msana ndi matenda a nkhawa, omwe amagoneka anthu ochuluka, nthawi zambiri sapezeka pamndandandawo. Ndipo mukachotsedwa ntchito muli bwinobwino, income protection siikuthandizani.

Pa fomu nenani zoona. Ife timakonda kubisa matenda, koma shuga kapena BP yomwe mwabisa lero adzaipeza m'mabuku a dokotala tsiku lomwe mukupempha ndalama, ndipo akhoza kukukanizani zonse. Kulowa mukadali wamng'ono ndi wathanzi kumatchipa.

Funso lomwe ogulitsa saliyambitsa okha, koma kwa ife ndi lalikulu: mukadwala n'kuganiza zobwerera kwanu kuti abale akakudwazikeni, ndalamazo zidzapitirira? Makampani ena amadula pakangotha miyezi yowerengeka muli kunja kwa dziko lomwe mudagulako inshuwalansiyo. Yankho lake akupatseni polemba, musanasaine.