Musawapatse chikombole musanalemberane

Achimwene, mwafunsa za anthu amene akufuna kuti muwakonzere mendulo ndipo akupempha chikombole chake. Musawapatse anthu amenewo chikombole cha menduloyo musanalemberane pangano, ngakhale akulonjezeni kuti dzina lanu litchuka. Mwafunsanso ngati alipo amene anadyapo ndi luso limeneli loumba mamendulo. Alipo, ndipo makolo athu ankayenda ndi ntchito ya manja ake m'matumba osamudziwa. Ndikunena Paul Vincze, wosema ziboliboli amene anabadwira ku Hungary mu 1907, naphunzira ku Budapest kwa mmisiri wotchuka wa mamendulo, Ede Telcs, kenako ku Rome. Iye anali wa mtundu wa Chiyuda, ndipo mu 1938, zinthu zitayamba kuipira Ayuda ku Ulaya, anasamukira ku Britain, kumene anakayambiranso ngati mlendo. Mmisiri ameneyu ndiye anaumba nkhope ya Kwame Nkrumah, mtsogoleri woyamba wa Ghana, pa ndalama zachitsulo za Ghana za 1958, ndiponso ndiye anakonza ndalama zathu zoyamba za 1964, zija zokhala ndi nkhope ya Kamuzu mbali imodzi, ndipo mbali inayo tambala, chimanga kapena njovu. Pa ndalama za Ghana zija, pansi pa khosi pali zilembo ziwiri zazing'ono, P.V., zoimira dzina lake, ndipo boma lathunthu silinaone chovuta kuzisiya pamenepo.

Zilembo ngati zimenezo ndi zimene ine anandibera, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa. Bungwe lina la zamasewera linandipempha kuti ndilikonzere mendulo ya opambana pa mpikisano wothamanga. Ndinaumba chithunzicho ndi dongo, chachikulu ngati mbale yodyera, monga mmene amisiri a mamendulo amachitira chisanachepetsedwe ndi makina, kenako ndinathira pulasitala. Amene sanagwirepo ntchitoyi sadziwa kuti munthu yense wothamangayo, minofu ya ntchafu ndi mitsempha ya m'khosi, ayenera kuonekera bwino pamene dongolo latukuka pang'ono chabe, chifukwa likatukuka kwambiri makina osindikizira sadzaza chitsulo m'makona onse. Bondo lakumanzere lokha linandigoneka usiku ndithu. Mkulu wina wa bungwelo anabwera ndi ulemu wonse, nati abwereke chikombolecho akaonetse komiti, ndipo abweza Lachisanu. Sanabweze, foni anasiya kuyankha, ndipo pambuyo pake ananditumizira uthenga woti komiti yasankha za wina.

Tsiku la mpikisano ndinapita ngati woonerera wamba. Mnyamata wina amene anapambana anadutsa pafupi nane atavala mendulo m'khosi, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinamupempha kuti ndiione. Nditaiika m'dzanja langa ndinaona bondo lija, lomwelo ndithu, ndi kachidindo ka chikhadabo changa kamene kanatsala pafupi ndi chidendene. Pansi pa phazi, pamene ndinalemba zilembo za dzina langa, anapala ndi tupa mpaka kusalaza, koma anapala mwaulesi moti mizere ya tupayo inkaoneka pa mkuwa. Manja anga ananjenjemera, mnyamatayo n'kufunsa ngati ndikudwala. Chapomwepo mkulu uja anali pa nsanja akuuza khamu kuti mamendulowa awakonza akatswiri akunja. Nditamutsatira ku galimoto anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa ngati ndili ndi pepala lililonse, ndipo ndinalibe. Munthu wamkulu, wovala taye, kudyera thukuta la mmisiri wa m'shedi popanda ndi manyazi omwe! Ndalamazo ndikanaiwala, koma kupala dzina la munthu pa ntchito yake ndi nkhanza yochita kukonzekera, chifukwa tupa sagwera yekha pa chikombole.

Koma Vincze uja anakhala nzika ya Britain mu 1948, anakonza mendulo yokumbukira zaka 400 chibadwire William Shakespeare mu 1964, anaumba nkhope za anthu monga Winston Churchill ndi Harry Truman, ndipo anamwalira mu 1994 ku France. Ntchito imodzi inkamuitanira inzake chifukwa aliyense woigwira ankatha kudziwa mwini wake.

Tsono inu jambulani chikombolecho ndi foni mbali zonse, lembani zilembo zanu pamalo pamene sangapale osawononga chithunzi, ndipo landirani theka la ndalama musanakhudze dongo. Komabe ntchitoyo musaikane, achimwene, ngakhale atakana zolemberana n'kukupatsani zochepa, pakuti kuno ofuna mamendulo ndi owerengeka, ndipo mukaumitsa khosi angoitanitsa zopangapanga za pa intaneti. Ngati akufuna kuti komiti ione, muinyamule nokha pulasitalayo, mukhale nawo m'chipindamo, ndipo mutuluke nayo.