Si chiwanda achemwali, ndi thupi lomwe likukumbuka

Achemwali, kunjenjemera kwanuko abusa akamakuwa pa maikolofoni si chiwanda ayi. Ine zinandichitikira nditangochoka kubanja lankhanza. Ndinali nditawauza mayi busa mwachinsinsi kuti bambo a ana anga ankandikanyanga pakhosi. Lamulungu lotsatira mpweya utandithera pakati pa ulaliki, anandikokera kutsogolo. Azibambo kundigwira mikono, wina dzanja lake pakhosi pomwepo, onse akukuwa "tuluka! tuluka!", mpingo ukuwomba m'manja. Ndinkafuna kunena kuti ndisiyeni koma mawu osatuluka. Ndinadzikodzera ana anga akuona. Kenako mayi omwe aja n'kuimirira kuuza anthu kuti vuto langa ndi kusakhululuka. Iwowo ankadziwa zonse! Munthu wamkazi mnzako kukuchita zotero? Mpaka lero sanandipepese.

Amene anandithandiza ndi mlangizi wa zamaganizo. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kamachenjeza thupi za ngozi. Munthu ukazunzidwa nthawi yaitali kamadzidzimuka ngakhale ndi mawu okweza chabe, adrenaline (timadzi tokonzekeretsa thupi kuthawa kapena kumenyana) n'kuthamanga m'magazi iwe usanaganize n'komwe. Koma ubongo susiya kusintha ngakhale munthu atakula. Mu 2000, katswiri wa zaubongo Eleanor Maguire ndi anzake anapeza kuti madalaivala a taxi ku London, amene amaloweza misewu yambirimbiri, anali ndi mbali yakumbuyo ya hippocampus (kachigawo ka ubongo kothandiza kukumbukira zinthu ndi malo) yokulirapo kuposa anthu ena, makamaka amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri. Amenewo ndi akuluakulu, osati ana. Nawo mantha amachepa ukamakhala mobwerezabwereza pamalo pomwe palibe wokuvulaza, ubongo n'kuphunzira kuti pano ndi pabwino.

N'chifukwa chake zimandipweteka, mpingo ndiwo unayenera kukhala malo amenewo. Kufunsa kaye usanamusanjike munthu manja kumavuta chiyani? Eliya atapempha imfa pa 1 Mafumu 19, palibe anamudzudzula, mngelo anamupatsa chakudya ndi madzi, iye n'kugonanso.

Ndiye musasiye kupemphera ndi anzanu, kukhala nokha kumangowonjezera. Muzikhala pafupi ndi khomo, zikayamba tulukani, muzipuma pang'onopang'ono mpaka mtima ukhazikike. Abusa anu auzeni ndithu zomwe munadutsamo, ayenera kudziwa kuti asamakuitanireni kutsogolo. Koma pezaninso mlangizi wophunzira ntchitoyi, ndipo aliyense wofuna kukugwirani popemphera, muli ndi ufulu womukaniza.