Funsani Tikuyankheni: chingwe cha faiba ndi madishi a pa nsanja

FUNSO: A mkonzi, kwathu kuno madzi atasefukira anakokolola dothi m'mbali mwa msewu mpaka chingwe chakuda chinaonekera. Anyamata ena anachidula poyesa muli kopa woti akagulitse, koma atasenda anangopeza timachubu tamitundumitundu, zamafutamafuta ndi tiulusi tosaoneka bwino. Akuti ndi faiba ya intaneti. Nanga zokutira zonsezo n'zachiyani pa kaulusi kochepa chonchi? — Mayi wa ku Bangula

YANKHO: Mayi, anyamatawo anangopsa ndi dzuwa pachabe, mu faiba mulibe kopa olo pang'ono, ndi galasi basi, ndipo wogula zitsulo sangakupatseni ngakhale 50 kwacha. Kaulusi kamodzi n'kowonda ngati tsitsi, mamilimita 0.125, ndiye kanjira kapakati kodutsa kuwala ndi 0.009 chabe. Mauthenga anu a WhatsApp amayenda mmenemo ali kuwala kothwanima.

Nzeru yake inachokera kwa Charles Kao ndi George Hockham ku England mu 1966, kenako kampani ya Corning ku America inapanga galasi loyera mokwanira mu 1970, Kao mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 2009. Koma ine ndimaona kuti amene anapeka zokutirazo timawaiwala, chifukwa galasi lokhalokha kuchigwa kuno silingathe ndi sabata.

Pagalasipo amayamba apaka kapulasitiki kofewa kuti lisakandike, poti kakukandika kosaoneka ndi maso n'komwe kamadzakula n'kuthyola ulusi, makamaka pakalowa chinyezi. Kenako amaika maulusi, kawirikawiri 12 aliyense ndi mtundu wake, mu kachubu kotakasuka ndipo dala amasiya ulusi wotalikirapo pang'ono kuposa chubu, chifukwa pulasitiki imafutukuka kukatentha n'kukhwinyata kukazizira kuposa mmene galasi limachitira, ndiye taganizani kutentha kwa Okutobala ku Nsanje kopitirira madigiri 40 kuja, akanamanga zothina galasi bwenzi likukokedwa tsiku ndi tsiku. Zamafuta zija ndi jelo wotchinga madzi kuti akalowa pabala asayende m'chingwe chonse. Zingwe zatsopano zina zilibe jelo, amaikamo tepi youma yomwe imafufuma ikangonyowa n'kutseka njira, amisiri amaikonda poti sidetsa m'manja.

Ulusi wachikasu ngati anauona ndi aramid, womwe ambiri amaudziwa kuti Kevlar, anautulukira Stephanie Kwolek wa kampani ya DuPont mu 1965. Ndi umene umapirira akamakoka chingwe. Zokwirira pansi zambiri zimakhalanso ndi kachitsulo kopyapyala kamizeremizere ngati lata, kameneko n'kotchinga makoswe, eya makoswe amatafuna faiba osati masewera. Chakunja chakudacho kuda kwake n'koteteza ku dzuwa. Palinso njira ina yobisa faiba mkati mwa waya wapamwamba penipeni pa nsanja za magetsi, uja wotchinga mphenzi, ndipo ESCOM ili nayo faiba yoyenda ndi mizere yake ya magetsi. Kwa malo osefukira ngati Makhanga kapena Chikwawa nzeru yopachika m'mwambayi ndimaikonda, ngakhale nsanjanso madzi akakwiya amagwetsa.

Chingwe chikaduka amisiri sakumba msewu wonse ayi, ali ndi makina otchedwa OTDR omwe amaponya kuwala n'kuwerenga kobwerera, amawauza kuti bala lili pa mtunda wakuti, akafika amalumikiza ulusi umodziumodzi pousungunula ndi kamoto ka magetsi. Ana asamaseweretse zidutswa zake, zimabaya n'kuthyokera m'khungu, komanso musasuzumire kumapeto kwa faiba, kuwala kwake sikuoneka koma kutha kuwononga diso.

FUNSO: Ndine ejenti wa ndalama za pafoni. Mvula yamphamvu ikamagwa netiweki imafooka, ikakata imabwerera yokha. Tsiku lina ndinaona amisiri atakwera nsanja ndi kamita akuyeza kuseri kwa madishi oyera aja. Amayeza chani kwenikweni? — Bambo wa ku Ngabu

YANKHO: Achimwene, madishi amenewo salankhula ndi foni yanu, amalankhula ndi dishi inzake pa nsanja ina makilomita angapo kutali, pa mafunde a microwave, ndipo ziwirizo zimayenera kuyang'anana ndendende. Chomwe amisiri amafuna kudziwa ndi mphamvu, yotuluka ndi yofika. Amawerenga mu muyeso wotchedwa dBm: 0 dBm ndi miliwati imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a wati), 30 dBm ndi wati imodzi, ndipo mukatsika ndi 3 ndiye kuti mphamvu yatsika ndi theka. Dishi itha kutumiza yosakwana wati imodzi, kukafika uko n'kupezeka ndi -40 dBm, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a wati, koma linki, kulumikizana kwa madishi awiriwo, ikugwira bwinobwino.

Kuyeza kwake n'kovuta chifukwa pa mafunde othamanga chonchi mavoti amasinthasintha malinga ndi pomwe mwagwira, ndiye akatswiri anazemba, anati tiyeze kutentha. Mafunde amalowa mu kachipangizo kakang'ono n'kukafunditsa pang'ono, mita n'kutembenuza kufundako kukhala nambala. Gwero lake ndi kachipangizo komva kutentha kotchedwa bolometer, ka Samuel Langley ka cha m'ma 1880, iyeyo ankayezera kutentha kochokera ku dzuwa. Koma vuto mwaliona kale eti, ku Ngabu masana chilichonse n'chotentha kale. N'chifukwa chake masensa (tizipangizo tolandira mafunde tija) a mtundu wa thermistor amakhala ndi mbali ziwiri, ina yolandira mafunde ina yongomva kutentha kwa pamalopo, mita imachotsera. Mmisiri wabwino amadikira kaye mita izolowere n'kuibweza pa ziro asanayambe, wothamangira kukadya nsomba amalemba nambala zabodza. Masensa a mtundu wina, a diode, ndi achangu ndipo amamva mphamvu yochepetsetsa mpaka cha m'ma -70 dBm.

Amene munawaonawo mwina amawongola dishi. Kuseri kwa wailesi yake kumakhala kabowo kotulutsa mavoti molingana ndi mphamvu yofika, ndiye amalumikiza mita wamba n'kumapotoza mabawuti pang'onopang'ono mpaka nambala ifike pabwino, poti mphepo ngati ya Freddy mu 2023 itha kusuntha dishi.

Za mvulazo, madontho amamwa ndi kumwaza mafunde othamanga kwambiri, opitirira 10 GHz (kugwedezeka maulendo 10 biliyoni pa sekondi). Popanga linki amasiya mphamvu yapadera yoti mvula idye, ikadya yonse linki imayamba yachepetsa liwiro kenako kuduka, mtambo ukadutsa n'kubwerera. Ikapanda kubwerera mvula itakata, pamenepo kaikirani magetsi ndi mabatire a pa nsanja kapena faiba yoduka kwinakwake, imbirani kampani yanu muwauze nthawi yeniyeni imene inadukira, zimawathandiza kufufuza.