Cheke chachikulu chija sichinagule makina

Achemwali, mwafunsa ngati inu ndi anzanu a ku sukulu mulowe mpikisano wa mapulani a bizinesi umene kampani ina yakonza. Fomu ya mpikisanoyo musasayine usiku uno. Ndaona anzathu pamwambapa akungoti lowani, lowani, koma palibe amene wakufunsani kuti ndalamazo akuti adzakupatsani motani komanso liti. Ine ndi anzanga atatu tinalowa mpikisano ngati womwewu mu 2023 tili chaka chomaliza cha sukulu ya ukachenjede, wa kampani ina yaikulu imene sinditchula pano, ndipo mpaka lero ndikaona chikwangwani chawo pamsewu mtima umandiwawa.

Pulani yathu inali ya makala a makoko a mtedza ndi utuchi. Umawotcha makokowo mu dilamu yotseka, kusinja, kusakaniza ndi phala la chinangwa kuti zigwirane, kenako kupanikiza pa makina ndi kuyanika. Mfundo yake inali yosavuta kumva: pafupifupi nyumba iliyonse m'dziko muno imaphikira nkhuni kapena makala, lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, pomwe ku Mchinji ndi ku Kasungu makoko amangounjikidwa kuseri kwa nyumba. Tinayenda m'misika kufunsa amayi ogulitsa chiwaya ndi a m'malesitilanti kuti thumba la makala limawathera masiku angati. Thiransipoti, mabando, kusindikiza, zonse za m'thumba mwathu, ndalama ya upkeep yomweyo. Tinakhala nambala 2. Ku hotela kunali atolankhani, nyimbo, abwana akutikumbatira, ndi cheke chachikulu ngati chitseko chimene tinachigwira tonse anayi.

Mawa lake anatitumizira imelo. Ndalama sizibwera kwa inu, zipita kwa wogulitsa makina. Zibwera m'magawo. Choyamba lembetsani bizinesi kwa Registrar General, tengani nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, tsegulani akaunti ya bizinesi, bweretsani makotesheni atatu. Izi pa siteji sanazinene ngakhale kamodzi. Tinachita zonsezo ndi ngongole za anzathu a ku hostel. Tikapereka mapepala, amene amayenera kusayina ali ku tchuthi. Akabwera, kotesheni yatha mphamvu, katengeni ina. Tikabweretsa ina, akuti komiti sinakumane. Mayeso ali pakhomo, dissertation ikudikira, ife tili m'minibasi ndi envulopu ya khaki.

Kenako pa 9 November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Makina tinasankhawo anali ochokera kunja, ndipo wogulitsa anandiimbira yekha kuti mtengo uja muiwale.

Ndinapita ndekha ku ofesi kwawo, anzanga anali atatopa. Kunkatentha, mvula isanayambe bwino, ndipo ndinali nditayenda wapansi kuchokera pa siteji chifukwa ndalama ya kabaza ndinalibe. Mlonda anandisayinitsa m'buku, anandikhazika pa reception. Ndinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka anthu anapita kukadya nkhomaliro n'kubwerako. Ndipo pakhoma lija, moyang'anizana ndi mpando wanga, panali chithunzi chathu chachikulu, ine pakati ndikumwetulira, nditavala jekete yobwereka kwa achimwene anga, pansi atalemba kuti akutukula achinyamata. Mayi wa pa reception anayang'ana chithunzicho, anandiyang'ana ine, n'kuweramitsa mutu. Atatuluka bambo amene ankayendetsa mpikisanowo, yemwe uja anatitchula ana ake pa maikolofoni, anandifunsa dzina. Dzina langa! Ndinamuonetsa kotesheni yatsopano manja akunjenjemera, ndikumufotokozera kuti ndalama zija tsopano sizikwana makina, mwina atipatse yomweyo tikapangitse ena kwa amisiri akuno. Sanakhale n'komwe pansi. Anati bajeti ya chaka chino yatsekedwa, kugwa kwa kwacha si vuto la kampani, ndipo pulani imene oweruza anavomereza singasinthidwe. Anamaliza ndi kundiuza kuti wabizinesi weniweni amapirira. Ndinatuluka, ndinakakhala pansi pa mtengo panja pa mpanda wawo, ndinalira ngati pamaliro, anthu akudutsa.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti chithunzi chija chinatuluka mu nyuzipepala ndi pa Facebook. Kumudzi anachiona. Amalume anandiimbira kuti ndiwathandizeko feteleza, azakhali za fizi ya mwana wawo. Ndikawauza kuti ndalama sizinabwere ankaganiza kuti ndayamba kumana. Amayi anga anafika pondifunsa mwakachetechete kuti mwanawe, ngati unadya ungonena. Bambo ujayo sakudziwa zimene anatichita, ndipo sindikhulupirira kuti zimamukhudza. Iye lipoti lake analemba, zithunzi anapereka kwa mabwana ake, chaka chotsatira anaitana ana ena. Anthu oterewa amatenga thukuta la ana a sukulu n'kulisandutsa malonda a kampani, ndipo amadziwa kuti mwana wa sukulu sangapite kwa loya. Aphunzitsi amene ankatilangiza nawonso, tsiku la mphoto anali kutsogolo pa chithunzi, koma titawapempha kuti atilembere kalata yokumbutsa kampaniyo anati si nkhani ya dipatimenti. Gawo loyamba la ndalama zija linatuluka chaka chitatha kale, gulu litabalalika. Mmodzi anapeza ntchito, wina anabwereza kosi chifukwa cha kuthamangathamanga komweku, ndipo awiri sitilankhulana chifukwa sitinagwirizane kuti kandalamako n'ka ndani.

Ndiye ine ndinganene kuti mipikisano ya makampaniyi isiyeni, imadya nthawi ya sukulu. Komabe lowani, achemwali, musaope. Kuima pamaso pa oweruza kunandiphunzitsa kuwerengera mtengo wa thumba limodzi kuposa mmene kalasi ina iliyonse inachitira, ndipo ntchito ndikugwira panoyi anandiitana ndi mmodzi mwa oweruza omwewo. Kungoti musanasayine, afunseni pa imelo, osati pa foni, kuti ndalama zidzaperekedwa tsiku liti, kwa ndani, m'magawo angati, ndipo mitengo ikasintha mudzaloledwa kusintha pulani kapena ayi. Funsani mayina a amene anapambana chaka chatha, muwapeze nokha muwafunse ngati analandira. Onaninso ngati fomuyo ikuwapatsa ufulu pa pulani yanu ndi zithunzi zanu, chifukwa lamulo la copyright limateteza zimene mwalemba, ganizo lenilenilo ayi. Maina a ogula anu ndi kasakanizidwe kanu musaike zonse m'chikalata.

Pulani yanu isadalire makina a madola. Amisiri a ku Ndirande amawotcherera zinthu zambiri zimene ife tinkazifuna kunja, yambani ndi zimenezo ngakhale oweruza amakonda zooneka zapamwamba. Ndipo musaike mtima pa kampani imodzi. A Tony Elumelu Foundation, bungwe lothandiza oyamba bizinesi mu Africa muno, amayamba kulandira mafomu pa 1 January chaka chilichonse ndipo amapereka madola 5,000, Hult Prize, mpikisano wa ophunzira a m'mayunivesite, imayambira pa kampasi pomwepo ndipo mphoto yake yaikulu ndi madola 1 miliyoni, a mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub amathandiza kukonza pulani. Pulani imodzi yomweyo mutha kuiponya konseko.

Inu ndi anzanuwo lembani pepala lero lomwe, aliyense gawo lake, wina akachoka zidzatani, musayine nonse ngakhale muli pa chinzake chotani. Ndipo mukapambana, kumudzi musauze munthu mpaka meseji ya ku banki italowa.